Choko Chosatha cha a Njobvu

Ku Pembamoyo aliyense amene anapondapo pasukulu amawadziwa a Trywell Njobvu, ndipo ambiri akangomva dzinalo amayamba awongola kaye msana. Anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zinayi m'masukulu a m'midzi ya ku Chadiza kuno, kuyambira ku Mlolo mpaka kwawo komwe. Ndi munthu wamtali, woonda, wa mawu ngati akulankhulira mumgolo. Mpaka lero azibambo a ndevu zawo, ena a zidzukulu kale, amabisa chigubu cha mowa kumbuyo akawaona akubwera pa njinga. Atapuma pantchito anati ayambe kulima nsawa, koma ulimi wawo ndi wofuna kuupirira. Amayeza mzere uliwonse ndi chingwe ndi lula, ndipo akamamaliza kuyeza anzawo amakhala akupalira.

Panali nkhani imodzi imene a Njobvu sankafuna kuti munthu aitchule. Ana a eni ake anawaphunzitsa mpaka ena kukhala mainjiniya, koma mwana wawo wotsiriza, Prudence, analephera masamu a giredi 12 katatu konse. Maphunziro ena onse anakhoza bwinobwino. Masamu okha basi, mwana wa mphunzitsi wa masamu! Anthu ankati sing'anga sadzichiza yekha, koma ankanena zimenezi a Njobvu atapita kaye patali.

Prudence anakwatiwa ku Kitwe, ali ndi ana awiri, ndipo amagwira ntchito yokolopa pakiliniki ina kumeneko. Mtima wake wonse unali pa unamwino, koma sukulu ya unamwino imafuna masamu. Lamlungu lina masana, makolo ake atangobwerako kutchalitchi, anaimba foni.

"Atate, ndalembetsanso mayeso a masamu," anatero Prudence. "Aka n'kachinayi, ndipo n'komaliza. Ndikalepheranso ndisiya, ndakula ine. Ndikufuna mundiphunzitse inuyo. Nditumiza laputopu pabasi, tizionana pamenepo Loweruka lililonse. Koma ndinene lero lomwe: mukandikalipira kamodzi kokha, ndizima, ndipo sindidzayatsanso."

Foni itadulidwa, a Njobvu anatembenukira kwa akazi awo, a Jenipher, amene mudzi wonse umangowatchula kuti amake Prudence.

"Kodi ine ndinakalipirapo munthu?" anafunsa.

Amake Prudence anaseka mpaka kutsokomola, ndipo yankho linali lomwelo.

Laputopu inafika itakulungidwa m'zitenje ziwiri. A Njobvu anailumikiza ku kasola kapadenga, natulutsa bolodi lakale limene sukulu inawapatsa potsanzikana, naliimika pampando. Kutatsala sabata kuti ayambe, anati adziyese okha. Analemba funso pabolodi, nayatsa kamera, nayang'ana pagalasi la laputopu. Mayo! Manambala onse anali chafutambuyo. Nambala 3 inkayang'ana kumene yachokera, 7 itapotokera kwina.

Munthu wina akanafunsa. Koma a Njobvu anatha moyo wawo akufunsa ena mafunso, ndipo zofunsa kuti athandizidwe anaziiwala kalekale. Anaganiza ngati munthu wa masamu: ngati makinawa amatembenuza zolemba, ndiye kuti iwo azilemba zotembenuza kale, makina akatembenuza ziwongoke. Sabata yathunthu anaphunzira kulemba chafutambuyo, kuchokera kumanja kupita kumanzere, mpaka mkono kuwawa. Udzu kumunda unakondwa.

Loweruka litafika, nkhope ya Prudence inaoneka pagalasi, ndipo a Njobvu anadzaza bolodi monyadira.

"Atate, mwalemba chiyani?" anafunsa Prudence. "Zonse zikuyang'ana kumbuyo."

"Kuno zikuoneka bwino kwambiri."

"Kwa inu nokha! Kamera imakuonetsani inuyo ngati kalirole, koma ine kuno ndimaona zinthu mmene zilili. Mwakhala mukuchita zimenezi masiku angati?"

Safunsa anadya phula. A Njobvu anafufuta nalembanso molongosoka, koma bolodilo linali litatuwa ndi ukalamba, ndipo ku Kitwe kunkangofika chifunga. Prudence sankasiyanitsa 3 ndi 8. Pamapeto anawauza kuti pali chinthu chotchedwa tabuleti yolembera.

"Ndi kathabwa kakuda, kali ndi cholembera chake," anafotokoza. "Mumakalumikiza ku laputopu. Mukalemba pamenepo, ine ndiziona pagalasi langa mwaukhondo. Ku Chipata ziliko. Mukasankhe bwino, atate, mayeso atsala miyezi inayi."

Lachitatu m'mawa a Njobvu anavala jekete ndi tayi, naika choko ziwiri ndi lula m'thumba, nanyamula laputopu m'chitenje. Anapalasa njinga mpaka paboma, naisiya kwa wina amene anamuphunzitsapo, nakwera minibasi ya ku Chipata. Kumeneko anawalozera kasitolo ka mafoni ndi makompyuta. Mwini wake anali Dyson, bambo wonenepa wa pakamwa pokoma, amene mpaka tsiku limenelo ankakhulupirira kuti palibe kasitomala amene angamuvute.

Dyson anayala matabuleti atatu pakauntala: kakang'ono ngati chikhatho, yapakati ngati buku lolembamo, ndi yaikulu yokhala ndi galasi lakelake. A Njobvu anatenga yapakatiyo naigogoda ndi chala, khutu lili pompo, ngati mmene amayi amachitira pogula mtsuko. Anainunkhiza. Kenako, Dyson asanaphethire n'komwe, anasolola choko m'thumba nalemba pamenepo 2x + 3 = 11.

"Amdala!" anakuwa Dyson, akuilanda ndi kuipukuta ndi malaya ake. "Mayo ine! Si sileti iyi!"

"Nanga anaipangiranji yakuda?"

Linali funso labwino. Dyson anangowapatsa cholembera chake chenicheni. A Njobvu anachitembenuza uku ndi uku.

"Inki yake imalowera pati?"

"Chilibe inki, amdala."

"Batire?"

"Sichifuna batire."

"Ndiye chimatha liti?"

"Sichitha. Kansonga kokha ndi kamene kamaperepeseka pakapita nthawi, ndipo tina tili m'bokosimo."

A Njobvu anakhala pansi pa kampando. Munthu uyu anatha zaka zonse zija akuthyola choko chimodzi patatu, kutsekera tizidutswa m'kabati, kiyi m'thumba. Anadanapo ndi mphunzitsi mnzawo temu yathunthu chifukwa cha choko chofiira. Lero wina akuwauza kuti kuli choko chosatha, ndipo chabwera iwo atapuma kale. Zinawapweteka mtima ndithu.

Kakang'ono kaja anakayeza ndi lula nakakana pomwepo. Anati pangakwane funso lokha, nanga yankho likagona kuti? Dyson anayesa kufotokoza kuti zolemba pa kakang'onoko zimadzaza galasi lonse la laputopu, koma a Njobvu anamudula.

"Munthu akamakuuza kuti munda waung'ono ndi waukulu, dziwa kuti munda akugulitsa ndi iyeyo."

Yagalasi ija ndiyo inawatenga mtima. Dyson ataiyatsa ndi kompyuta yake, a Njobvu analembapo, ndipo manambala ankatuluka pansi pa cholembera pomwepo, owala ngati pa TV. Dyson anayamba kale kufunafuna bokosi. Koma atamasula laputopu ya Prudence m'chitenje kuti ayese, anapeza kuti ndi yachikale, ilibe bowo lolowetsa nthambo ya tabuleti imeneyo. Komanso Dyson anavomera, monyinyirika, kuti yagalasiyo imadya magetsi. A Njobvu anakumbukira kasola kawo, kamene kamayamba kukomoka amake Prudence akangotsegula wailesi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Anaikankhira pambali, koma maso anatsalira komweko.

Inatsala yapakati, yakuda bii yopanda galasi. Iyi mwambo wake ndi wachilendo: dzanja limalemba pathabwa, koma zolembazo zimaonekera pa laputopu. Dyson anailumikiza, a Njobvu anakoka kampando nawerama. Akayang'ana dzanja, pathabwa panalibe kanthu. Akayang'ana pagalasi, dzanja linkasochera. Nambala 2 inatuluka ngati bakha wothyoka khosi. Timizere tiwiri tosonyeza kufanana tinapingasana. Anayesa kachiwiri, kachitatu, ndipo zinkangoipiraipira.

Pofika nthawiyi pakhomo panali patadzaza anthu, chifukwa ku Chipata mdala wa tayi akamalimbana ndi makina anthu saphonya. Panali mayi wogulitsa nthochi, dengu lili pamutu. Panali bambo wina amene anabwera kudzakonzetsa foni, ndi ena awiri ongodutsa. Ankaseka chapansipansi.

A Njobvu anamva mkwiyo ukukwera, ndipo pamodzi ndi mkwiyowo anamva mantha. Ankadzidziwa. Zikadzakhala chonchi Loweruka, manambala akupotoka, Prudence akufunsa kuti imeneyo ndi 2 kapena bakha, mawu adzawapulumuka basi. Mwanayo adzazima, ndipo mwana wawo akanena kanthu sabweza. Anatengera iwo omwe.

A Njobvu anaimirira. "Vuto ndi kampandoka," anatero. "Chibadwire sindinalembepo masamu nditakhala pansi ngati kalaliki. Inu, tanyamulani thabwali. Ligwireni kukhoma apa. Kwezani. Kwezaninso. Basi."

Dyson, mwini sitolo ndi ulemu wake wonse, anaima kukhoma atagwira tabuleti ndi manja awiri. A Njobvu anayamba kulemba ataimirira. Asanafike patali, bambo wa foni uja ananong'oneza kanthu kwa mayi wa nthochi, naseka mokweza. Mutu wa a Njobvu unatembenuka wokha.

"Inu kumbuyoko! Chikukuseketsani n'chiyani? Tiuzeni tonse tiseke nawo."

A Njobvu anapitiriza kumuyang'anitsitsa bamboyo, koma dzanja lawo silinaime. Linkalembabe kukhoma palokha, mzere ndi mzere. Musadabwe. Masukulu amene iwo anaphunzitsako, kalasi imodzi inkakhala ndi ana makumi asanu ndi atatu, mazenera opanda magalasi, mango akupsa panja. Mphunzitsi woyang'ana pabolodi ankati akacheuka, theka la kalasi lapita. Choncho a Njobvu anazolowera kalekale kulemba maso ali kwa ana, bolodi osaliyang'ana n'komwe.

"Taonani!" anafuula mayi wa nthochi, akuloza laputopu.

Pagalasi panali mizere inayi yowongoka, manambala okongola ngati osindikiza. A Njobvu anayang'ana pagalasi, nayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Dzanjalo silinkasowa maso. Maso ndi amene ankalisokoneza.

Munthu wanzeru akanagula pomwepo n'kumapita. Koma a Njobvu anali ndi bolodi, choko ndi anthu, zinthu zimene anazisowa zaka zinayi. Analoza bambo wa foni uja.

"Inuyo oseka. Ngati 2x ndi 8, x ndi chiyani?"

"Sikisi, aphunzitsi," anayankha bamboyo, thukuta lili kamukamu.

"Imirirani."

"Ndaimirira kale, aphunzitsi."

"Pitirizani kuima. Mayi?"

"Folo," anatero mayi wa nthochi. "Milu iwiri, nthochi eyiti, mulu umodzi ndi folo."

"Muwombereni m'manja!"

Anawomba onse, kupatula Dyson amene manja ake anali pantchito. Phunziro linatha patapita theka la ola, pamene bambo wa foni anakweza dzanja kupempha chilolezo choti atuluke, ndipo mikono ya Dyson inali ikunjenjemera. Powapatsa bokosi, Dyson anawachonderera zinthu zitatu: asaikhomere misomali, asaitsuke ndi madzi, ndipo chonde, chonde, choko ayi.

Kunyumba kunabuka funso loti tabuleti ikhale pati, popeza Dyson sanali m'bokosimo. Misomali inaletsedwa, ndipo nthambo inali yaifupi. Atayeza makoma onse ndi lula, a Njobvu anaimangirira kuchitseko ndi mphira za chubu chakale cha njinga, nakokera tebulo pafupi kuti laputopu iwayang'ane kumaso. Poyesa, anadzaza galasi ndi manambala, kenako anapukuta thabwalo ndi chikhatho monga mwa nthawi zonse. Sizinafufutike. Anapukuta ndi mkono wa jekete. Anali atayamba kulavulira kampango pamene amake Prudence anawagwira dzanja.

"Anati madzi ayi. Malovu si madzi?"

Amake Prudence anadinadina timabatani ta m'mbali mwa thabwalo mpaka anapeza kamene Dyson anakakonza kuti kazifufuta. Kuyambira pamenepo anakhala monitala wa kalasi. Ankakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, chala chili pabatani, kudikira kuti amuna awo anene kuti "Fufutani." Udindo unawakoma. Nthawi zina ankafufuta asanauzidwe, akaona kuti funso latalika.

Loweruka masana Prudence anaonekanso pagalasi, atakhala patebulo lake ku Kitwe ndi pepala ndi pensulo. A Njobvu analemba funso loyamba maso ali pa iye.

"Atate, zikuoneka!" anatero Prudence. "Ndikuona chilichonse!"

Zinayenda bwino mphindi khumi. Kenako amake Prudence anamva nkhuku zikudya nsawa zimene anayanika pabwalo. Anadzambatuka nakoka chitseko. Bolodi linachoka pamaso pa mphunzitsi cholembera chili pomwepo, ndipo mzere waukulu unang'amba funso lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. A Njobvu anatsegula pakamwa. Chifuwa chinadzaza mpweya wa kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu. Pagalasi anaona dzanja la Prudence likusendera kubatani lozimira. Anameza mpweya wonsewo, mpaka maso kutuluka.

"Amake Prudence," anatero ndi kamawu kakang'ono ngati ka munthu wopempha mchere, "chonde, chitsekochi tsopano ndi bolodi."

Amake Prudence anapirikitsa nkhuku zawo osafulumira, nabwerera paudindo. Dzanja la Prudence linabwerera papepala. A Njobvu analemba funso lina, 5 − 2x = 11, nati mwanayo alichite yekha. Prudence anawerama nalemba, nafufuta, nalembanso.

"Ndi 3," anatero.

Yankho lenileni linali 3 wa kunsi kwa ziro, wokhala ndi kamzere kochotsera patsogolo. A Njobvu sanakalipe. Anangokweza dzanja la cholembera kuti aloze pamene funso linali. Koma pagalasi Prudence anadzidzimuka. Anatsinzina, nabisa mutu kuseri kwa mkono.

Mayi wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, wa ana awiri, ali m'nyumba yake ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, ankazinda choko. A Njobvu anadziwa pomwepo chimene akuona. M'kalasi mwawo wolakwitsa ankalandira kachidutswa ka choko pamphumi, ndipo iwo sankaphonya. Prudence ankalandira kawiri, kuti anthu asanene kuti mphunzitsi akukondera mwana wake. Iwo ankati chimenecho ndi chilungamo, ndipo anali asanaganizepo kuti mwanayo anapita nacho mpaka ku Kitwe. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, oposa aja a kulephera katatu.

Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono naliika kumbuyo.

"Prudence. Mwana wanga, tsegula maso," anatero. "Sindikudziwa pamene wasochera. Tandionetsa pepala lako."

Prudence anatsitsa mkono, koma sanakhulupirire msanga. Atate ake anali asanamupemphepo pepala. Ankangofuna yankho, ndipo yankho likalakwika nkhani inkathera pomwepo. Prudence anakweza pepalalo pakamera. A Njobvu anavala magalasi, nawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda laputopu, natsatira mzere uliwonse ndi chala.

"Woyamba wakhoza," anatero. "Wachiwiri wakhoza. Wachitatu, ee, wakhoza, ndipo njira imeneyi ndi yachidule kuposa yanga. Wachinayi wakhoza. Pomaliza penipeni wangotaya kamzere kochotsera. Kagwa panjira basi. Katole."

"Ndakhoza inayi?"

"Inayi yonse."

Prudence anayang'ana pepala lake nthawi yaitali. Anatenga pensulo naika kamzere kaja pamalo pake, mosamala.

"Simunandiuzepo kuti ndakhoza kanthu, atate," anatero. "Ngakhale kamodzi."

A Njobvu anavula magalasi, nawavalanso. Anakonza tayi imene inali bwinobwino. Panja nkhuku zinali zitabwerera pa nsawa, ndipo palibe amene anadzuka.

"Atate," anatero Prudence, akutembenuza pepala. "Lembani lina."

A Njobvu anatembenukira kuchitseko kuti anene kuti afufute, koma amake Prudence, akupukuta m'maso ndi chitenje, anali atafufuta kale.